Zimani Laiti Iyo, Nsomba Zifuna Kugona

Aliyense amene anali mu Lusaka mu 2024 akumbukila phokoso limene linali kumveka mu komboni malaiti akabwela. Ana anali kukuwa, azimayi kuthamangila ku sitovu, ife kulimbilana soketi kuti tichaje mafoni. Caka cimeneco madzi ku Kariba anatsika kwambili cifukwa ca cilala, ndipo panafika nthawi imene makomboni ambili anali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku anthu ali mtulo. Conco nidziwa kuti kukamba zabwino za mdima kwa munthu wa mu Zambia kuli monga kutamanda njala pamaso pa munthu amene wagona osadya. Koma ni zimene nifuna kucita lelo, ndipo nipempha kuti munimvetsele mpaka kothela musananitukwane.

Nifuna kukamba za nsomba za m'nyanja ya mcele, zimene zimakhala m'matanthwe a makorali, kutali kwambili na Kalingalinga na Chipata. Maganizo anga ni awa. Laiti ni yabwino pamene pali munthu amene aifuna: pa njila, pa citseko, pa thebulo lowelengela, pa kantemba. Koma laiti imene imaunika m'madzi usiku onse kuti malo aoneke bwino pa cithunzi ilibe kusiyana na pulasitiki yotayidwa mu ngalande. Imawononga malo a zamoyo zina, ndipo ifunika kuzimidwa.

Tiyambe na makorali, cifukwa ambili a ife tinangowaona pa TV. Amaoneka monga miyala kapena tumitengo twa pansi pa madzi, koma ni tunyama tung'ono tofewa tumene tumamanga zigoba zolimba za laimu. Tukafa, tuna tumamanga pamwamba pa zigobazo, ndipo pakapita zaka masauzande pamakhala matanthwe aakulu. Great Barrier Reef ya ku Australia ni yaitali makilomita pafupifupi 2,300. Matanthwe onse a makorali pa dziko lapansi safika olo 1 pelesenti ya pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi pa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalila malo amenewa. Amene ali pafupi na ife ali ku Zanzibar na ku cisumbu ca Mafia ku Tanzania, komanso ku Bazaruto na ku Quirimbas ku Mozambique.

Pa matanthwe amenewa nchito imagwilidwa m'mashifiti awili, monga ku migodi. Masana kumadzala nsomba za mitundu yowala, zina zodya ndele pa miyala, zina zotola tuzilombo toyandama m'madzi. Dzuwa likamalowa, zonsezi zimathawila m'ming'alu. Pamakhala mphindi pafupifupi 20 za bata, pamene za masana zabisala koma za usiku zikalibe kutuluka, ndipo iyi ni nthawi yoopsa cifukwa nsomba zikulu zolusa zimaona bwino mu kacisisila kuposa zimene zimasaka. Ndiyeno kumatuluka za usiku, zambili zofiila, za maso aakulu. Nsomba zina za mtundu wa parrotfish, zisanagone, zimadzikulunga mu thumba la mamina limene limazichinjiliza ku tuzilombo toyamwa magazi, monga mmene ife timagonela mu neti ya udzudzu. Dongosolo lonseli limayendela cinthu cimodzi: nsomba imadziwa kuti tsopano ni masana, tsopano ni usiku.

Ana a nsomba ndiwo amadalila mdima kuposa onse. Mitundu yambili ya nsomba za m'makorali siikulila pa matanthwe. Tuwana tukangobadwa tumatengedwa na madzi kupita pakati pa nyanja, kumene tumayandama masiku kapena milungu tuli tung'ono, toonekela mkati monga galasi. Tukakulako tumabwelela kukafuna malo okhala, ndipo tumafika usiku, tambili pa masiku amene mwezi suoneka kumwamba. Cifukwa cake n'cosavuta kumva. Pa khomo la matanthwe pali pakamwa pambili podikila, ndipo kansomba kotalika monga cikhadabo kalibe cida cina kupatulapo kusaoneka. Kwa zaka mamiliyoni, kuwala kwakukulu kumene kunali kufika pamadzi usiku kunali kwa mwezi wathunthu, kumene pa muyezo wa kuwala wochedwa lux kumafika pafupifupi 0.3 cabe. Laiti ya mu msewu imaposa pamenepo kambilimbili.

Manje tiyeni ku Moorea, cisumbu ca ku French Polynesia pakati pa nyanja ya Pacific, pafupi na Tahiti. Ngati munaonapo pa Instagram tunyumba twa udzu toimilila pa mitengo pamwamba pa madzi obiliwila, mwaona mtundu wa mahotela a kumeneko. Tunyumba twina tuli na galasi pansi, ndipo kunsi kwake kuli laiti yoti mlendo aziona nsomba usiku ali khale pa mpando. Pa cisumbu cimeneci palinso malo ofufuzila za makorali ochedwa CRIOBE, ndiye cifukwa cake zambili zimene tidziwa pa nkhani ya nsomba na malaiti zinacokela kumeneko.

Koma umboni woyamba umene unanigwila mtima unacokela ku Australia, ndipo ukhudza nsomba imene tonse tiidziwa. Ni clownfish, ija ya mizele yoyela imene inachuka na filimu ya Finding Nemo ya mu 2003. Mu 2019, Emily Fobert na anzake Karen Burke da Silva na Stephen Swearer anafalitsa zimene anapeza ataweta mabanja 10 a nsombazi m'matanki. Ena anali na usana na usiku monga mwa masiku onse. Ena anawayatsila kalaiti kocepa ka LED usiku, kolingana na kuwala kumene kumafika pamadzi pafupi na tauni ya m'mbali mwa nyanja. Nsomba za mu kuwala zinapitiliza kuikila mazila monga kale, ndipo tuwana tunali kukula bwino mkati mwa mazilawo. Koma tsiku loswa litafika, palibe dzila olo limodzi limene linaswa. Atazima kalaitiko, mabanja amodzimodziwo anayambanso kuswa ana.

Ganizilani mmene zimakhalila. Clownfish yaikazi imaikila mazila pa mwala pafupi na anemone, kanyama kooneka monga duwa kamene nsombazi zimakhalamo. Yaimuna ndiyo imagwila nchito yaikulu yolela. Kwa mlungu umodzi kapena kuposelapo imakupiza mazilawo na zipsepse kuti apeze mpweya, imacotsa owola, imapitikitsa akuba. Mazila amaswa dzuwa litalowa, kuti tuwana tuthawile pakati pa nyanja nsomba zodya masana zili mtulo. Cizindikilo cimene kamwana kamadikila mkati mwa dzila ni mdima. Mdima ukapanda kubwela, kamangodikila mpaka kufela momwemo. Palibe poizoni, palibe ukonde, palibe amene wagwila nsomba na dzanja. Babu imodzi cabe.

Wina angakambe kuti za mu tanki ni za mu tanki. N'zoona, ndiye cifukwa cake zimene anacita Jules Schligler, Suzanne Mills na anzawo ku Moorea n'zofunika. Anatenga ana 42 a clownfish ya mtundu wina wa kumeneko n'kuwaika m'maanemone awo m'nyanja yeniyeni. Ena anawaika pafupi na malaiti a hotela, pamene kuwala kwa usiku kunali pafupifupi 4.3 lux, kuposa mwezi wathunthu maulendo opitilila 10. Ena anawaika kumene kunali mwezi cabe. Anawalondola kwa zaka pafupifupi ziwili, kuwawelenga na kuwapima. Zotsatila zake, zimene zinatuluka mu 2021, zinaonetsa kuti mwayi wokhala na moyo wa nsomba za pa malaiti unatsika na 36 pelesenti, ndipo kakulidwe ka zimene zinapulumuka kanatsika na 44 pelesenti. Ofufuzawo aganiza kuti nsombazi sizinali kupumula mokwanila, komanso kuti kuwala kunali kuitana adani. Aliyense amene anagonapo pafupi na bala imene imaimba nyimbo mpaka mbandakuca angamvetse mbali yoyambayo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tingasamuke, koma clownfish siingasiye anemone yake.

Nanga nsomba zina za pa matanthwe? Emma Weschke wa pa University of Bristol na anzake anaika malaiti a pansi pa madzi pa makorali a ku Moorea, n'kujambula zocitika usiku na makamera a infrared, kuwala kumene nsomba sizikuona. Lipoti lawo linatuluka ca kumapeto kwa 2024. Pamalo pamene laiti inayaka mausiku atatu cabe, zinthu sizinasinthe kwenikweni. Pamene inayaka mausiku pafupifupi 25, usiku kunali kupezeka mitundu yambili ya nsomba kuposa pa malo a mdima, ndipo zambili mwa zoonjezekazo zinali zosaka, zodya tunsomba na tunyama twina. Zina zinali nsomba za masana zimene pa nthawiyo zinafunika kukhala zili gone. Mwa mau ena, mashifiti aja awili anasokonezeka. Wa masana sanapite ku nyumba, wakuba wapeza tochi yaulele, ndipo amene anali kudalila mdima kuti abisale alibenso pothawila.

Cimene cimapusitsa anthu ni ici: pansi pa laiti pamaoneka nsomba zambili. Mlendo akayang'ana pa galasi lija amaona moyo uli wilikiti, n'kuganiza kuti hotela yacita bwino. Schligler anafotokozanso mu 2024 kuti makorali amene anawaunika usiku anakopa ana a nsomba kuwilikiza kawili kapena katatu kuposa a mu mdima. Asayansi amadziwa khalidweli kuyambila kale, cakuti akafuna kugwila tunsomba tung'ono kuti atuwelenge amagwilitsa nchito misampha ya laiti. Koma kuculuka pamalo sikutanthauza kukhala bwino. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele. Tunsomba tumathamangila kumalo kumene adani aunjikana, kumene situdzagona, kumene situdzakula bwino.

Ife a mu Zambia sitifunika digili kuti timvetse zimenezi. Mvula yoyamba ikagwa mu November, tonse tidziwa kokaimilila na beseni ya madzi: pansi pa laiti ya panja. Inswa zimatuluka m'culu kuti zikayambe mabanja atsopano, koma zimathela pa babu, kuzungulila mpaka mapiko kuthothoka. Ndipo si ife cabe amene timabwela. Acule amabwela, abuluzi amabwela, mileme imabwela, m'mawa nkhuku zimatsiliza zotsala. Nili mwana n'nali kuona monga laiti imapanga inswa. Siipanga olo imodzi. Imangozisonkhanitsa pamalo amodzi kuti zidyedwe.

Kapenta amene timagula pa meda ku Soweto amagwidwa mwa njila imodzimodziyo. Nsombayi anaibweletsa ku Kariba kucokela ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 na 1968. Amene anagonapo ku Siavonga kapena ku Sinazongwe anaona mmene nyanja imaonekela usiku monga tauni yoyandama. Lililonse la malaiti aja ni bwato la asodzi. Amatsitsa ukonde wozungulila m'madzi, amayatsa laiti, kapenta amaunjikana pa kuwalako, ndiyeno amakweza ukonde. Asodzi amadziwanso kuti mwezi ukakhala wathunthu kapenta sagwidwa bwino, cifukwa kuwala kuli ponseponse ndipo laiti ya bwato ilibe mphamvu yokoka. Ku Mpulungu nakonso amasodza na malaiti, cimodzimodzi asodzi a dagaa ku Zanzibar.

Sinitsutsa msodzi wa kapenta. Iye adziwa cimene acita. Laiti yake ni cida ca nchito, amaiyatsa kuti adyetse banja lake na ife tonse, ndipo kukaca amaizima. Ngati pali vuto pa usodzi wake, ni la kuculuka kwa mabwato, ndipo imeneyo ni nkhani ina. Amene nitsutsa ni mwini hotela, mwini doko kapena mwini nyumba ya m'mbali mwa nyanja amene amachela msampha umodzimodziwo usiku uliwonse, caka conse, popanda olo ukonde. Nsomba zimene laiti yake imapha palibe amene amazidya. Zimangocepa mwakacetecete, ndipo cifukwa pansi pa babu pamakhalabe podzala, palibe amene amazindikila kuti pali cimene calakwika.

Vutoli si la cisumbu cimodzi. Ofufuza amene anajambula mapu a kuwala kwa usiku m'nyanja mu 2021 anapeza kuti malo okwana masikweya kilomita 1.9 miliyoni a madzi a m'mbali mwa maiko amalandila kuwala kwa magetsi kokwanila kusokoneza zamoyo pa kuya kwa mita imodzi. Malo amenewa aposa Zambia yonse kuwilikiza kawili. Makorali enieniwo nawonso akhudzidwa. Ambili a iwo amabeleka mwa kutulutsila mazila na mbewu m'madzi pamodzi pa usiku umodzi, potsatila mwezi, ndipo kafukufuku wa mu 2023 wa Thomas Davies na anzake anaonetsa kuti amene ali pa malo owala amacita zimenezi tsiku limodzi mpaka atatu pafupi na mwezi wathunthu kusiyana na anzawo a mu mdima. Akaphonyana masiku, mazila ambili amapita pacabe. Ndipo pali cina cimene cikhudza mababu amene tonse tawakonda masiku ano. Madzi amameza kuwala kofiila pa mamita ocepa oyambilila, koma kwa buluu kumaloŵa pansi kwambili. LED yoyela mbee ili na buluu wambili. Babu imene imapulumutsa mayunitsi ni imenenso imafika patali m'madzi.

Nidziwa mafunso amene ali m'mitu yanu, ndipo loyamba ni lalikulu. Mdima umapha anthu. Mtsikana amene amatsika minibasi 21 koloko n'kuyenda wapansi mu komboni yopanda malaiti sangamvele cisoni Nemo, ndipo sinimupempha kutelo. Amayi ogulitsa pa msika afuna laiti. Mwana wa giledi 12 afuna laiti. Ine nifuna malaiti ambili m'misewu ya Kanyama na Chawama kuposa amene alipo. Koma onani bwino kumene kuwala kumene nikambapo kumapita. Laiti yoloza m'madzi pansi pa kanyumba ka mlendo siichinjiliza munthu aliyense. Laiti ya pa doko yopanda cophimba, imene theka la kuwala kwake limathela m'nyanja na kumwamba, ni magetsi olipilidwa amene sanafike pa munthu. Ife amene timagula mayunitsi a K50 n'kumawayang'anila pa mita tiyenela kukhala oyamba kukwiya na kuwononga kwa mtundu umenewu.

Funso laciwili ni lakuti makorali ali na mavuto aakulu kuposa mababu. N'zoona ndithu. Mu April 2024 bungwe la NOAA la ku America linalengeza kuti makorali a dziko lonse alowa m'nyengo yacinayi ya kuyela na kufa cifukwa ca kutentha kwa madzi. El Niño imene inathandizila kutenthetsa nyanja caka cimeneco ni imodzimodziyo imene inaumitsa cimanga cathu na kutsitsa madzi ku Kariba. Poyelekeza na zimenezo, laiti ya hotela ioneka monga nkhani yaing'ono. Koma kutentha kwa dziko kudzatenga zaka makumi kuti kubwelele pansi, olo maiko onse atagwilizana mawa. Pulasitiki imene ili kale m'nyanja idzakhalamo ife titapita. Kuwala n'kosiyana: ukazima, kwatha pa sekondi imeneyo, osasiya kanthu m'madzi. Mazila a Fobert anayambanso kuswa laiti itazimidwa. Munthu akadwala malungo aakulu simumuyatsila wailesi usiku onse n'kumati vuto lake lalikulu ni malungo. Mumamulola kugona kuti thupi lilimbane na matenda.

Lacitatu ni la amene amakonda manambala: mabanja 10, nsomba 42, cisumbu cimodzi, kodi n'zokwanila? Kafukufuku aliyense payekha ni wamng'ono, ndipo clownfish siimilila nsomba zonse za m'nyanja. Nsomba zina zolusa zimapindula na laiti, cifukwa cakudya cimabwela cokha. Koma umboni wa mu tanki, wa m'nyanja, wa mazila, wa ana, wa nsomba zikulu na wa makorali onse uloza kumodzi. Ndipo tiyese kuika pa sikelo. Ngati asayansi akulitsa nkhani ndipo ife tazima laiti ya m'madzi, tataya ciani? Cithunzi cimodzi ca pa foni. Ngati akamba zoona ndipo ife taisiya, tataya mbadwo wa nsomba pa malo amene asodzi osauka a m'mbali mwa nyanja amadalila kuti apeze ndiwo.

Lacinayi ni limene nimamva kawilikawili: ife tilibe nyanja ya mcele, ndiye zitikhudza bwanji? Zitikhudza cifukwa ndife makasitoma. Zaka za posacedwapa Zanzibar yakhala loto la acinyamata ambili a mu Lusaka na ku Copperbelt. Ena amasunga ndalama mu cilimba caka conse, ena amakwela basi kapena sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam n'kuoloka na boti. Hotela imagulitsa cimene mlendo amakonda. Ngati cithunzi ca madzi owala usiku ndico cimapeza ma like ambili, mwini hotela yapafupi nayenso adzagula malaiti a pansi pa madzi. Zitikhudzanso cifukwa pakati pa imwe amene muwelenga pali amene aphunzila za magetsi, za mapulani a nyumba na za mahotela. Ndimwe mudzasankha mababu a maloji a ku Siavonga, ku Samfya na ku Mpulungu. Manambala amene nachula ni a nsomba za m'makorali, koma kapenta watiphunzitsa kale kuti nsomba za m'madzi athu nazonso zimamva laiti.

Zofunika kucita si zodula. Laiti ikhale na cophimba pamwamba na m'mbali kuti iunike pansi pamene phazi liponda. Ikhale pafupi na nthaka, yoloza ku mtunda, msana wake ku madzi. Pafupi na nyanja, mababu akhale a kuwala kwa cikasu kapena kofiilila m'malo mwa oyela mbee. Pamene sipapita anthu usiku onse paikidwe laiti ya sensa, imene imayaka munthu akafika n'kuzima akapita. Ndipo ya pansi pa madzi, ngati mwini hotela aumilila kuti alendo aone nsomba, iyake ola limodzi madzulo, osati mpaka kuca. Kumbukilani kuti pa kafukufuku wa Weschke mausiku ocepa sanasinthe zambili. Cimene cinasokoneza matanthwe ni kuyaka kosalekeza. Maiko ena anaika kale zimenezi m'malamulo. Ku France, lamulo la pa 27 December 2018 limaletsa kuunika mwacindunji mitsinje, nyanja na madzi a m'mbali mwa dziko, kupatulapo pamene citetezo ca anthu cifuna, monga pa madoko ogwilapo nchito. Ku Florida, matauni ambili a m'mbali mwa nyanja amalamula malaiti ophimbidwa pa nyengo imene akamba a m'nyanja amaswa, cifukwa tuwana tumasocela n'kulunjika ku misewu.

Kwa iwe na ine amene tilibe hotela, nchito yathu ni yaing'ono koma ilipo. Ukafika pa malo ogona a m'mbali mwa nyanja n'kupeza laiti iunika m'madzi, funsa ku lisepushoni ngati ingazimidwe ukapita kukagona. Ngati swichi ili m'cipinda cako, zima wekha. Polemba ndemanga ya hotelayo, chula zimenezi, cifukwa eni mabizinesi amawelenga ndemanga kuposa mmene amawelengela malipoti a asayansi. Ukapita kokayang'ana nsomba usiku na tochi, usaiunike m'maso nsomba imene yagona mu mng'alu kuti upeze vidiyo. Ndipo ukabwelela ku nyumba, yang'ana laiti ya panja pa geti yanu. Ngati theka la kuwala kwake lipita kumwamba na pa windo la aneba, kacidutswa ka lata kangakonze zimenezo.

Pa miyezi ija ya load shedding, usiku wina tinakhala panja pafupi na mbaula cifukwa m'nyumba munali kutentha. Mng'ono wanga wa zaka 9, wobadwila mu Lusaka, anayang'ana kumwamba n'kufunsa kuti mtambo wautali uja woyela ni utsi wa ciani. Sanali utsi. Unali mlalang'amba, umene ambuye athu ku mudzi anali kuuona usiku uliwonse wopanda mitambo, koma iye anali asanauonepo. Sinikamba kuti cilala cija cinali dalitso. Anthu anataya mabizinesi, nyama inaola m'mafiliji, ndipo ine n'nakuwa pamodzi na ana malaiti atabwela. Nikamba cabe kuti mdima umene unatigwela popanda kufuna kwathu unali tsoka, pamene mdima umene tingasankhe kusiyila nsomba sutidyela olo ngwee imodzi. Tikadzakhala na magetsi okwanila, ndipo nikhulupilila kuti tsikulo lidzafika, tidzaunike misewu, misika na makalasi mpaka mtsikana aliyense azifika pa nyumba mosaopa. M'madzi tisiyemo usiku.